Mpikisano wa magalimoto obisa mphamvu

Kodi munaimapo m'mbali mwa msewu wocokera ku Tete kupita ku Zóbuè, lole yodzaza katundu ikukwera citunda? Mukachera khutu mumamva maphokoso awiri. Pali kubangula kwa injini, kumene aliyense amakudziwa. Palinso kamluzu kocepa, kamene kamakwera dalaivala akaponda moto. Kamluzu kameneka kamacokera m'cipangizo cochedwa turbo.

Kuno kwathu turbo ndi cida ca nchito. Imathandiza lole kukoka cimanga, fodya, mbatata kapena simenti. Koma ku United States kuli anthu amene anatenga cida comweci n'kupanga naco masewera. Amatenga galimoto wamba ya turbo, yokhala ndi mipando yake yonse, wailesi ndi nambala ya pamsewu, n'kupita nayo kukapikisana pa liwiro. Ndipo anadziikira lamulo lodabwitsa. Lamulolo limati galimoto izioneka monga mmene inatulukira ku fakitale. Munthu akatsegula boneti, asaone cacilendo.

Mwina mukufunsa kuti, munthu wofuna liwiro angadzimangirenji manja conco? Funso limeneli ndiye mutu wa nkhani ino. Koma kuti yankho limveke, tiyeni tiyambe taona mpikisanowo, kenako turbo, kenako lamulolo.

Mamita 402 basi

M'Cingerezi mpikisano umenewu amauchula kuti drag racing. Ndi wosavuta kuumvetsa. Magalimoto awiri amaima pamzere umodzi, ina kumanzere, ina kumanja. Kutsogolo kuli msewu wowongoka, wopanda pokhota, wopanda citunda. Nyali yobiriwira ikayaka, onse awiri amanyamuka. Yoyamba kufika kumapeto yapambana. Yogonja imatuluka mu mpikisano, yopambana imakakumana ndi ina, mpaka patsale imodzi yokha.

Mtunda wake ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mailo. Amenewa ndi mamita 402, pafupifupi mabwalo a mpira anayi olumikizidwa m'litali. Inu poyenda pansi mungathe mphindi 5. Galimoto wamba ya banja imatha masekondi apakati pa 15 ndi 18. Magalimoto amene tikukamba panowa amatha masekondi 11, ena 10. Tawerengani kuyambira 1 mpaka 11 mosathamanga. Pamene mwafika pa 11, mpikisano watha.

Masewerawa sanayambe bwino ayi. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, anyamata ambiri a ku California ankakonda kukonza magalimoto akale kuti azithamanga. Ena anali ataphunzira za makina ku usilikali. Ankapikisana usiku m'misewu ya anthu onse, ndipo ngozi zinkacitika. Apolisi ndi makolo anatopa nazo. Mu 1950, ku Santa Ana, anthu anayamba kucititsa mipikisano pamsewu wa bwalo la ndege, kutali ndi oyenda pansi. Mu 1951, bambo wina dzina lake Wally Parks, amene anali mkonzi wa magazini ya Hot Rod, anayambitsa bungwe la National Hot Rod Association, mwacidule NHRA. Colinga cake cinali kucotsa mipikisano pamsewu n'kuipititsa pamalo otsekedwa, okhala ndi malamulo. Bungweli lilipo mpaka lero.

Mmene turbo imagwirira nchito

Injini imayenda ndi moto. M'kati mwake muli tizipinda tochedwa masilinda. Mu silinda iliyonse mumalowa mpweya ndi petulo, amene ambirife timati gazolina. Zikasakanikirana, kamoto ka pulagi kamaziyatsa. Zikaphulika zimakankha pisitoni, ndipo mphamvu ya pisitoniyo ndi imene imakazunguza matayala.

Paja moto sukolera popanda mpweya. Mukafuna kuti mbaula iyake msanga, mumaikupiza kapena kuiuzira. Mu injini ndi cimodzimodzi. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino, pamafunika makilogalamu pafupifupi 15 a mpweya. Conco cimene cimaika malire pa mphamvu ya injini si petulo ayi. Petulo mutha kuthira wambiri, koma mpweya ukacepa amangotuluka ngati utsi wakuda. Malire ndi mpweya.

Wosula makasu ndi nkhwangwa amazidziwa zimenezi. Sadikira mphepo, amagwiritsa nchito mvukuto. Turbo ndi mvukuto wa injini.

M'kati mwa turbo muli timawilo tiwiri tokhala ndi mapiko. Tonse tili pa kacitsulo kamodzi, kena mbali iyi, kena mbali iyo. Kalikonse kali m'cigoba cake cooneka ngati nkhono. Utsi wotentha wotuluka mu injini umawomba mapiko a kawilo koyamba n'kukazunguza, monga mmene mphepo imazunguzira tsamba la mango limene mwana walibaya pa kamtengo n'kumathamanga nalo. Kawilo koyamba kakazungulira, kaciwiri nakonso kamazungulira. Kaciwiriko kamakoka mpweya wa kunja n'kuupanikizira mu injini. Timawiloti timazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo kamluzu kaja kamacokera pamenepa.

Taonani nzeru yake. Utsi umene ukanangotayika ndi umene ukupopa mpweya. Mpweya ukalowa wambiri, petulo amapsa wambiri, ndipo injini yaing'ono imakoka ngati yaikulu. Amakaniko amachula mpweya wowonjezerawu kuti boost.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Katswiri wa ku Switzerland, Alfred Büchi, analembetsa maganizo amenewa mu 1905. Poyamba turbo inkagwira nchito m'mainjini akuluakulu a zombo ndi ndege. Mu 1962 inalowa m'magalimoto ang'onoang'ono ogulitsidwa kwa anthu wamba, Oldsmobile Jetfire ndi Chevrolet Corvair.

Mavuto atatu a turbo

Turbo ili ndi mavuto atatu, ndipo mpikisano wonse wagona pa kulimbana nawo.

Loyamba ndi kucedwa. Injini ikamalira pang'onopang'ono, utsi umakhala wocepa ndipo turbo imazungulira mwaulesi. Dalaivala akaponda moto, pamapita kanthawi mphamvu isanabwere. Pamsewu kanthawi kameneka sikadetsa nkhawa. Koma mu mpikisano wa masekondi 11, theka la sekondi ndi cinthu cacikulu.

Laciwiri ndi kutentha. Munapopapo tayala la njinga n'kugwira pampu kumunsi? Imakhala yotentha. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo mpweya wotentha umakhala wopepuka, wocepa mphamvu. Umacititsanso kuti petulo aphulike nthawi isanakwane. Zikatero injini imagogoda, gasiketi imapsa, nthawi zina pisitoni imabowoka. N'cifukwa cake pakati pa turbo ndi injini amaikapo cipangizo cooneka ngati radiyeta, cochedwa intercooler, coziziritsa mpweyawo.

Lacitatu ndi kupyola muyeso. Turbo ikapopa mpweya wambiri, injini imatulutsa utsi wambiri, ndipo utsiwo umazunguza turbo kwambiri kuposa kale. Popanda coletsa, zimenezi zingapitirire mpaka injini itasweka. Conco pali kacitseko kochedwa wastegate. Boost ikafika pamlingo, kacitsekoka kamatseguka, utsi wina n'kulambalala turbo. Wopikisana aliyense amafuna kuti kazitseguka mocedwerako kuti apeze mphamvu zambiri. Akapitirira malire, amabwerera kwawo galimoto ili pa ngolo.

Buick yakuda

Pali galimoto imodzi imene inachukitsa nkhani ya kubisa mphamvu. Dzina lake ndi Buick Grand National.

Kale ku America, galimoto yothamanga inkayenera kukhala ndi injini yaikulu ya masilinda 8. Koma mu 1973 mtengo wa mafuta unakwera kwambiri, ndipo boma linakhwimitsa malamulo a utsi. Mainjini akuluakulu aja anafooka. Kampani ya Buick inasankha njira ina. Inatenga injini ya masilinda 6, ya malita 3.8, n'kuiika turbo.

Anthu sankayembekezera liwiro kwa Buick. Magalimoto ake ankadziwika kuti ndi a madokotala ndi a akuluakulu oyenda mofatsa. Grand National nayonso inali ndi thupi la galimoto wamba yochedwa Regal, la makona ngati bokosi, lokhala ndi mipando yofewa. Kuyambira mu 1984 onse ankawapaka utoto wakuda. Mu 1986 anawonjezera intercooler.

Mphamvu ya injini amaiyeza poyerekeza ndi mphamvu ya akavalo. Mu 1986 Grand National inali ndi mphamvu ya akavalo 235. Mu 1987 inafika pa 245. Caka comweco Chevrolet Corvette, galimoto yodula yopangidwira liwiro, yokhala ndi masilinda 8 ndi malita 5.7, inali ndi 240. Eetu, galimoto yooneka ngati ya agogo inkatha kusiya Corvette pamzere wowongoka. Mamita 402 aja inkawamaliza m'masekondi pafupifupi 14, yongocoka kumene kusitolo.

Caka ca 1987 cinali comaliza. Buick inapanga ma Grand National oposa 20,000, n'kutsanzika ndi mtundu wapadera wochedwa GNX. Ma GNX anapangidwa 547 okha, ndipo kampani inalemba kuti mphamvu yake ndi akavalo 276.

Eni ake sanacedwe kuzindikira kuti injini imeneyi ingapereke zambiri. Kungosintha zinthu zocepa, galimoto inkadula sekondi yathunthu. Anthu a ku America ali ndi dzina la galimoto yotere. Amati sleeper, kutanthauza yogona, cifukwa imaoneka ngati ili m'tulo mpaka nyali itayaka. Okonda Buick akhala akusonkhana kwa zaka zambiri ku Bowling Green, m'cigawo ca Kentucky, pa bwalo la Beech Bend, n'kumapikisana m'magulu osiyanasiyana. Magulu ena ndi a magalimoto osinthidwa kwambiri. Ena ndi a magalimoto oyenera kuoneka ngati a ku fakitale. Eni ake a magalimoto ena a turbo, monga Mitsubishi Lancer Evolution ya ku Japan, nawonso ali ndi magulu otere.

Lamulo la maonekedwe

M'Cingerezi gulu limeneli amati stock appearing, kutanthauza kuti yooneka ngati ya ku fakitale. Gwirani bwino mawu akuti "yooneka". Lamulo silikunena kuti galimoto isasinthidwe. Likunena kuti zimene maso akuona zikhale monga za ku fakitale. M'kati, mmene diso silifika, munthu ali ndi ufulu wosintha, koma mpaka pamlingo wolembedwa.

Malamulo amasiyana malinga ndi bungwe limene likucititsa mpikisano, koma kawirikawiri amakhudza zinthu izi. Cigoba ca turbo cikhale cooneka ngati coyambirira, ndipo cikhale pamalo ake. Kawilo ka m'kati kasapitirire kukula kumene anagwirizana. Mapaipi a mpweya adutse mmene ankadutsa. Mipando, magalasi, nyali ndi mabampa zikhalepo. Matayala akhale ovomerezeka kuyenda pamsewu. Ndipo galimoto pamodzi ndi dalaivala isapepuke kuposa kulemera kumene kunalembedwa.

Tsopano tibwerere ku funso lija. N'cifukwa ciyani amadzimanga conco?

Cifukwa coyamba ndi ndalama. Kukanakhala kopanda malire, wolemera kwambiri akanagula turbo yaikulu ngati ndowa, n'kucotsa mipando ndi zitseko zolemera, n'kumapambana tsiku lililonse. Ena onse akanatopa n'kusiya. Malire a turbo amaika denga pa mphamvu imene aliyense angapeze. Pansi pa denga limenelo, wopambana ndi amene akuidziwa bwino injini yake. Musaganize kuti masewerawa ndi ochipa ayi. Zida zobisika nazonso zimadula. Koma ndalama pazokha sizikwanira.

Caciwiri ndi cikondi ca galimotoyo. Grand National sakupanganso. Mwini wake safuna kuidula kapena kuibowola. Amafuna kuti akatha kupikisana Loweruka, Lamlungu anyamule banja lake n'kupita nalo kukaceza pa galimoto yomweyo.

Cacitatu ndi oonerera. Munthu akaona galimoto yofanana ndi imene anali nayo bambo ake ikumaliza m'masekondi 10, amadabwa kwambiri kuposa akaona makina a mpikisano amene sanawaonepo pamsewu.

Nanga liwiro likucokera kuti?

Ngati kunja sikusintha, masekondi atatu kapena anayi amacoka bwanji? Amacoka pang'onopang'ono, apa pang'ono, apo pang'ono.

Makaniko amatsegula turbo n'kupala m'kati mwa cigoba, kuti mulowe kawilo kokulirapo kufika pamlingo wololedwa. Amapala ndi kusalaza njira zimene mpweya umadutsa polowa mu injini, monga mmene mlimi amalambulira ngalande kuti madzi afike kudimba osatsamira. Amaika mapisitoni olimba opirira kutentha. Amasintha timipopi topopera petulo, tochedwa ma injector, kuti tizipereka wokwanira mpweya wowonjezerawo. Amathira petulo wapadera amene saphulika msanga.

Ndiye pali kompyuta. Grand National inali kale ndi kompyuta yaing'ono yolamula kuti petulo alowe woculuka bwanji, ndiponso kuti pulagi iyatse nthawi yanji. Akatswiri amasintha malangizo a kompyutayi. Akathamanga ulendo umodzi, amakhala pansi n'kuwerenga manambala amene yasunga. Mpweya unatentha bwanji? Injini inagogoda pa sekondi iti? Akatero amakonza pang'ono n'kukayesanso. Nyengo nayo imalowererapo. Kukazizira, mpweya umalemera ndipo injini imakoka bwino. Masana kukatentha, manambala a m'mawa sagwiranso nchito.

Comaliza ndi matayala. Mphamvu ilibe phindu ngati tayala likungoterereka pamalo amodzi. Opikisana amasankha matayala a labala wofewa, ndipo amaphwetsako mpweya kuti tayala ligone kwambiri pansi.

Mwaona kuti zonsezi zimafuna munthu wodziwa kuwerenga, kuyeza ndi kulemba. Opikisana ambiri amasunga kabuku kolembamo ulendo uliwonse: tsiku, kutentha, mpweya wa m'matayala, boost ndi nthawi.

Oyendera ndi sikelo

Pamene pali lamulo, pamapezekanso wofuna kulizembera. Conco galimoto isanalowe m'bwalo, oyendera amaiona kaye. Amatsegula boneti, amasuzumira pansi, amaona malamba ndi mabuleki. Angathe kucotsa paipi ya kutsogolo kwa turbo n'kuyeza kukula kwa kawilo. Amafufuzanso timapaipi tobisika ta mpweya wa m'botolo wochedwa nitrous, umene umawonjezera mphamvu ndipo ndi woletsedwa m'magulu ambiri otere.

Galimoto ikamaliza kuthamanga imakwera pa sikelo dalaivala ali momwemo. Ikapezeka yopepuka, ulendo umenewo suwerengedwa. M'mipikisano yambiri, wopikisana akakayikira mnzake amaloledwa kudandaula, ndipo galimoto yokayikiridwayo imayenderedwanso. Wopezeka ndi cinyengo amataya mphoto, ndipo amataya ulemu pakati pa anthu amene adzakumana nawonso caka camawa.

Apa pali kusiyana kofunika. Kubisa mphamvu m'cigoba cololedwa si bodza, cifukwa onse anagwirizana ndipo onse akucita zomwezo. Bodza ndi kupyola mlingo umene munagwirizana.

Pamzere woyambira

Tiyerekeze kuti muli pampando wa dalaivala. Mwavala cisoti, mwamanga lamba. Woyang'anira akukukodolani.

Coyamba mumadutsa pamalo othiridwa madzi pang'ono. Mumazunguza matayala akumbuyo pamalo amodzi mpaka atafuka utsi. Si kudzionetsera ayi. Kumeneku ndi kucotsa fumbi ndi kutenthetsa labala kuti amate pansi. Msewu nawonso amaupopera mankhwala onanda, moti munthu akapondapo nsapato imakakamira.

Kenako mumasendera kumzere. Pakati pa magalimoto awiri pali mlongoti wa nyali, umene amauchula kuti Christmas tree, mtengo wa Khirisimasi. Pansi, modutsa msewu, pali kuwala kuwiri kopyapyala ngati ulusi. Tayala lakutsogolo likachinga kuwala koyamba, kanyali kapamwamba kamayaka kukuuzani kuti mwayandikira. Mukasendera pang'ono n'kuchinga kwaciwiri, kanyali kena kamayaka. Mwafika. Mnzanu nayenso akafika, mpikisano ungayambe. Akuluakulu anati liwiro la mumcenga n'kuyambira limodzi, ndipo nyali zimenezi nchito yake ndi yomweyo.

Apa ndi pamene vuto la kucedwa kwa turbo limafuna luso. Grand National ndi ya giya yosintha yokha. Conco dalaivala amaponda buleki ndi phazi lamanzere, moto ndi lamanja, nthawi imodzi. Injini imalimbana ndi buleki, utsi umaculuka, turbo imayamba kuimba mluzu galimoto isanasunthe. Akaponda moto mopitirira, galimoto imaseseleka n'kudutsa mzere. Akaponda mocepa, amanyamuka mwaulesi.

Nyali zitatu zacikasu zimayaka, kenako yobiriwira. Pamtundu wina wa mlongoti zimayaka imodzi imodzi, motalikirana theka la sekondi. Pamtundu wina zimayaka zonse pamodzi, yobiriwira n'kutsatira patapita masekondi 0.4. Mukanyamuka yobiriwira isanayake, imayaka yofiira, ndipo mwagonja musanapite kulikonse.

Pomaliza mumalandira kapepala. Pamalembedwa nthawi imene munacedwa kunyamuka, nthawi ya mamita 18 oyambirira, ya pakati pa mtunda, ya kumapeto, ndi liwiro lanu pomaliza. Opikisana amayang'ana kwambiri mamita 18 oyambirirawo, pakuti kumeneko ndi kumene mipikisano yambiri imapindulidwa kapena kutayika.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Wochi ya galimoto iliyonse siyamba pamene nyali yobiriwira yayaka. Imayamba pamene tayala lacoka pa kuwala kuja. Zimenezi zimabala cinthu codabwitsa: galimoto yocedwa itha kupambana yothamanga. Nazi ziwerengero zongoyerekeza.

Dalaivala woyamba anacedwa kunyamuka ndi masekondi 0.30. Galimoto yake inathamanga masekondi 11.20. Tikaphatikiza, 0.30 ndi 11.20 zikupanga 11.50.

Dalaivala waciwiri anacedwa ndi masekondi 0.10 okha. Galimoto yake inathamanga masekondi 11.30. Tikaphatikiza, 0.10 ndi 11.30 zikupanga 11.40.

Ndani wafika poyamba? Ndi waciwiri, ngakhale galimoto yake ndi yocedwerapo. Mnzakeyo anali ndi injini yabwino, koma iye anali cheru.

Cifukwa cake amacitira m'bwalo

Galimoto ya masekondi 11 imafika kumapeto ikuthamanga pafupifupi makilomita 200 pa ola. Pa liwiro limeneli imadutsa mamita 55 pa sekondi iliyonse, theka la bwalo la mpira. Ndipo dziwani ici: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi.

N'cifukwa cake kuseri kwa mzere womaliza kumakhala msewu wina wautali wongoimirapo, ndipo kumapeto kwake kumakhala mcenga ndi ukonde zogwira galimoto yolephera kuima. M'mbali muli zipupa zochinga oonerera. Ambulansi ndi ozimitsa moto amakhala pomwepo. Malamulo a NHRA amakhwima galimoto ikamathamanga kwambiri. Yomaliza m'masekondi osakwana 14, dalaivala avale cisoti. Galimoto yakale ngati Buick ikatsika pansi pa masekondi 11.5, m'kati muikidwe citsulo cokhota coteteza mutu ikagubuduzika. Ikatsika pansi pa masekondi 10, pamafunika khola lathunthu la zitsulo. Ikapitirira makilomita pafupifupi 240 pa ola, imafunika parachuti yothandiza kuima. Pa zida zoteteza moyo, lamulo la maonekedwe limagonja. Citsulo coteteza mutu sicinacokere ku fakitale, koma palibe amene amaciletsa.

Ngakhale ndi zonsezi, imfa imafika. Mu Juni 2008, dalaivala wodziwika, Scott Kalitta, anamwalira pa bwalo la ku Englishtown, m'cigawo ca New Jersey, galimoto yake itagwira moto n'kupitirira malo oimira. Iye ankayendetsa makina a mpikisano amphamvu kwambiri, osati galimoto ya pamsewu. Pambuyo pa ngoziyo, NHRA inafupikitsa mtunda wa magulu awiri othamanga kwambiri, kucoka pa mamita 402 kufika pa 305, kuti malo oimira atalike.

Tsopano ganizirani msewu wa kwanu. Pali njinga yonyamula makala, ana ocokera kusukulu, mbuzi, ng'ombe, maenje, ndi minibasi yoima paliponse. Palibe cipupa, palibe mcenga, palibe ambulansi yodikira. Madalaivala awiri akamapikisana pamsewu wotere, amene akuika moyo paciswe si iwo okha. Mukakwera galimoto yotero, muli ndi ufulu wolankhula kapena kutsika. Ofuna masewerawa m'cigawo cino ca Africa ali ndi malo ake. Ku Maputo kuli bwalo la mipikisano ya magalimoto la bungwe la ATCM, ndipo ku South Africa kuli bwalo la Tarlton, pafupi ndi Krugersdorp.

Turbo imene ili pafupi nanu

Mwina simudzaionapo Grand National ndi maso. Koma turbo ili m'malole ambiri, m'mathirakitala ena ndi m'magalimoto ambiri a dizilo a masiku ano. Ngati mumayendetsa, mumathandiza dalaivala kapena mukuphunzira umakaniko, zimene opikisana anaphunzira zingakupulumutsireni ndalama.

Kacitsulo ka pakati pa turbo kamazungulira pa oilo wa injini. Oilo akada kapena akacepa, turbo ndi imene imayamba kufa. Sinthani oilo pa nthawi yake. M'mawa mukaliza injini, musaponde moto nthawi yomweyo, dikirani pang'ono oilo afike. Mukafika kocokera ulendo wautali kapena pamwamba pa citunda, musazimitse msanga. Isiyeni injini ilire pang'onopang'ono mphindi imodzi kapena ziwiri kuti turbo izizire. Sefa ya mpweya ikhale yoyera ndi yotseka bwino, makamaka m'misewu yafumbi, cifukwa mcenga umadya mapiko a kawilo. Mukaona utsi wabuluu, kapena mluzu ukasanduka kulira kwacilendo, pitani kwa makaniko zinthu zisanaipe.

Ndipo wina akakuuzani kuti angakuwonjezereni boost mwa kungomanga wastegate, kumbukirani kuti opikisana aja amasintha mapisitoni, petulo ndi kompyuta asanatero, komabe gasiketi imawapsera.

Anthu a stock appearing anadziikira malire atatu: cigoba ca turbo, sikelo ndi mpanda wa bwalo. Cigoba cimacititsa kuti wodziwa apambane wolemera. Sikelo imacititsa kuti wopambana akhulupiridwe. Mpanda umathandiza kuti dalaivala ndi oonerera abwerere kwawo madzulo.

Mafunso okambirana ndi anzanu

1. N'cifukwa ciyani kuthira petulo wambiri pakokha sikuwonjezera mphamvu ya injini?
2. Chulani mavuto atatu a turbo ndi mmene amawathetsera.
3. Dalaivala wina anacedwa kunyamuka ndi masekondi 0.25 n'kuthamanga 10.90. Mnzake anacedwa ndi 0.05 n'kuthamanga 11.00. Anapambana ndani?
4. Mungamuuze ciyani dalaivala wa minibasi amene wayamba kupikisana ndi mnzake inu muli momwemo?